Elliot Kamwana ndi Chaka cha 1914

Abusa a mpingo wathu kuno ku Mzuzu atandipempha kuti ndithandize kuphunzitsa achinyamata buku la Chivumbulutso, ndinkaganiza kuti chovuta chikhala kumasulira zilombo za nyanga khumi zija. Koma mtsikana wina anangofuna kudziwa tsiku limene zonsezi zidzachitike. Ndinasowa chonena. Ndipamene ndinakumbukira Elliot Kenan Kamwana, munthu wa kunyanja kuno amene anayankha funso lomweli, ndipo yankho lakelo linamuchotsa kwawo zaka 28.

Kamwana anali Mtonga wa m'dera la Bandawe ku Nkhata Bay. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia mpaka kukafika ku Khondowe, koma anachokako m'chaka cha 1901 asanabatizidwe. Pambuyo pake anapita ku Joni, ndipo ku Cape Town anakaphunzira kwa Joseph Booth, yemwe uja anaphunzitsanso John Chilembwe. Booth anamupatsa ziphunzitso za Charles Taze Russell wa Watch Tower ku America, amene anawerengetsa zaka za m'buku la Danieli n'kupeza 1914.

Atabwerera ku Nkhata Bay mu 1908, Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa chabe. Sindikhulupirira kuti khamu lonseli linakopeka ndi masamu a Russell. Amishoni ankadikiritsa munthu zaka zingapo m'kalasi asanamubatize, pamene Kamwana ankabatiza popanda kudikiritsa koteroko. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo amuna ambiri ankathawira kumigodi kukausaka. Ndiye kunabwera mwana wakwawo, wolankhula Chitonga, akunena kuti mu Okutobala 1914 Khristu adzalamulira, ufumu wa Angelezi udzatha, msonkhonso udzatha. Ndani akanatseka makutu?

Monga wophunzira zinenero, chimandisangalatsa ndi mmene mawu akuti tower anasandukira tawala pakamwa pa anthu athu, n'kulandira mphatikiram'mbuyo chi- kukhala Chitawala. Ku Congo amati Kitawala.

Boma linamugwira mu 1909 n'kumuthamangitsa m'dziko. Anakhalako ku Chinde ku Mozambique, kenaka anasungidwa ku Mulanje. Chaka cha 1914 chitakwana, m'malo mwa Ufumu kunabwera nkhondo, ndipo anthu omwe ankayembekezera kupuma anagwidwa mtengatenga. Mu 1916 anamutumiza ku Mauritius, kenaka ku Seychelles. Analoledwa kubwerera mu 1937, koma sanakhalenso pansi pa Watch Tower. Anayambitsa mpingo wakewake wa Mlonda, umene anautsogolera mpaka imfa yake mu 1956.

Lamulungu lotsatira sindinayambe ndi zilombo. Ndinauza achinyamata aja za Kamwana ndi msonkho wa nyumba, kenaka za Yohane, nayenso wothamangitsidwa, akulemba ali pachilumba cha Patimo pansi pa ulamuliro wa Aroma. Mtsikana uja anamvetsera mpaka pamapeto, n'kufunsanso za tsiku lija.