Frank Boucher: Katswiri Amene Ankagoletsa Anzake

Pa tsamba lathu la mbiri ya akatswiri, mwezi uno tapita kutali, ku Canada, ku masewera a hockey ya pa madzi oundana. Munthu wake ndi Frank Boucher, amene anamwalira mu 1977, koma mpaka lero akamatchula osewera apakati odziwa kugawira anzawo, dzina lake silisowa.

Tiyambe ndi masewerawo kuti tiyendere limodzi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa pansi zoti azitsetsereka nazo, ndipo m'malo mwa mpira amakankha ndi ndodo kachimbale kakuda ka labala kotchedwa puck. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20. Mwa akutsogolo atatu aja, wapakati ndiye mwini mapulani, ngati mmene amakhalira wogawa mipira pakati mu mpira wamiyendo. Ndi masewera a liwiro komanso ogundana zedi. Ukalakwa, oyimbira amakutulutsa kwa mphindi zingapo, timu yako nkutsala yopelewera.

Boucher anabadwa pa 7 October 1901 mumzinda wa Ottawa. Kwawo kunali kwa masewera okhaokha. Bambo ake, a Tom Boucher, ankasewera rugby, ndipo abale ake atatu, George, Billy ndi Bobby, onse anafika mu ligi yaikulu ya NHL. Iyeyo akali mnyamata analowa upolisi wa okwera pa akavalo, nkutumizidwa ku Lethbridge m'chigawo cha Alberta, komwe ankasewerabe hockey m'matimu a m'deralo. Mu 1921 anabwerera kwawo nkulowa timu ya Ottawa Senators, momwe munali kale mkulu wake George. Mu timu yomweyo munali Frank Nighbor, wapakati wodekha amene ankalanda puck ndi nzeru osati ndi chigongono, ndipo Boucher anatengera kaseweredwe kake.

Ku Ottawa akatswiri anali ambiri moti mnyamatayu sankapeza mpata wokwanira. Mu 1922 anasamukira ku Vancouver Maroons, kugombe la kumadzulo, komwe anasewera zaka 4. Mpikisano wolimbirana chikho cha Stanley Cup unamukumanitsa ndi abale ake kawiri. Mu 1923 anakumana ndi Ottawa ya George nkugonja. Mu 1924 anakumana ndi Montreal Canadiens ya Billy, nkugonjanso. Tangoganizani macheza a kunyumba zaka zimenezo!

Mu 1926 ligi ya kumadzulo inatha, osewera ake nkugulidwa ndi matimu a NHL. Boucher anapezeka ku New York Rangers, timu yongoyamba kumene, pansi pa mphunzitsi Lester Patrick. Kumeneko anamuika pakati pa anyamata awiri apachibale, Bill Cook kumanja ndi Bun Cook kumanzere. Atatuwa anatchuka ndi dzina loti Bread Line, ndipo anasewera limodzi zaka 10. Bill ndiye anali chilombo chogoletsa, koma puck yambiri imene ankaponya mu golo inkachokera pa ndodo ya Boucher. Chimodzi mwa zomwe ankadziwika nazo ndi ichi: wina akuthamanga ndi puck, nkuisiya mwadala kumbuyo kwake osacheuka, otchinga nkumutsatira iyeyo, mnzake wobwera m'mbuyo nkuitola ali yekhayekha. Zotere zimatheka pokhapokha ngati mumadziwana bwino komanso mumakhulupirirana.

Anthu anamupatsa dzina loti Raffles, lochokera kwa wakuba waulemu wa m'nthano za ku England, chifukwa ankakulanda puck usanadziwe nkomwe, osakugwetsa, osakumenya. Anatsogola ligi yonse katatu pa kupatsira anzake zigoli. M'chaka cha 1929 mpaka 1930, pomwe malamulo analola kupatsirana chakutsogolo m'chigawo chilichonse cha bwalo, anagoletsa zigoli 26 nkupatsira zina 36.

Musaganize kuti kugoletsa sankatha ayi. Mu 1928 Rangers inafika ndime yomaliza ya Stanley Cup ndi Montreal Maroons. Masewera onse 5 anachitikira ku Montreal, poti bwalo lawo la Madison Square Garden linali litatengedwa ndi achionetsero cha nyama ndi zisudzo. Pa masewera achiwiri goloboyi wawo, Lorne Chabot, anavulala diso ndi puck, ndipo nthawi imeneyo matimu sankayenda ndi goloboyi wapadera. Mphunzitsi Patrick, bambo wa zaka 44, anavala yekha zovala za goloboyi nkulowa pagolo. Masewera anapita ku nthawi yowonjezera, ndipo amene anagoletsa chigoli chopambanira, 2-1, anali Boucher. Pa masewera achinayi anagoletsa chigoli chimodzi chokhacho. Pa achisanu anagoletsa zonse ziwiri, Rangers nkutenga chikho chake choyamba. Mwa zigoli 5 zomwe timuyo inapeza m'ndime yonseyi, 4 zinali zake. Mu 1933 anatenganso chikhochi atagonjetsa Toronto Maple Leafs.

Nkhani imene anthu amamukumbukira nayo kwambiri ndi ya chikho cha Lady Byng. Chikhochi chinaperekedwa mu 1925 ndi mkazi wa bwanamkubwa wamkulu wa Canada, kuti chizipita kwa wosewera waluso komanso wakhalidwe labwino m'bwalo. Woyamba kuchilandira anali Nighbor uja. Boucher anachitenga ka 7 m'zaka 8, kuyambira 1928 mpaka 1935, ndipo chaka chimodzi chokha, 1932, ndi chomwe chinapita kwa Joe Primeau wa Toronto. Mapeto ake mayi Byng anangomupatsa chikhocho kuti chikhale chakechake, nkugula china choti ena azilimbirana. Chomvetsa chisoni nchakuti chikho choyambacho chinadzapsa ndi moto umene unabuka kunyumba kwake.

Manambala akuchitira umboni. M'masewera 557 a NHL anagoletsa zigoli 160, anapatsira 263, ndipo mphindi zonse zomwe anakhala kunja chifukwa cha chilango zinangokwana 119. Osewera ena aukali amapitirira pamenepo m'chaka chimodzi chokha.

Anapachika nsapato mu 1938. Chaka chotsatira anapatsidwa uphunzitsi wa Rangers, ndipo mu 1940, chaka chake choyamba, anatenga Stanley Cup. Kuchoka apo Rangers inadikira zaka 54, mpaka 1994, kuti ichigwirenso. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatenga osewera ake ambiri, timu inafooka kwambiri moti m'chaka cha 1943 mpaka 1944 inangopambana masewera 6 mwa 50. Boucher, ali ndi zaka 42, anavalanso nsapato nkusewera masewera 15, momwe anagoletsa 4 nkupatsira 10. Chaka chomwecho ligi inayamba kujambula mzere wofiira pakati pa bwalo kuti masewera azithamanga, ndipo iye anali mmodzi mwa amene anabweretsa ganizoli. Anakhala mkulu woyendetsa timuyo mpaka 1955, ndipo mu 1958 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame. Kenako anatsogolera ligi ya achinyamata ku Saskatchewan. Anamwalira ndi khansa pa 12 December 1977 ku Kemptville, ku Ontario, ali ndi zaka 76.

Tabweretsa nkhaniyi chifukwa mkangano wake timaudziwa tonse. Tikapambana timanyamula wogoletsa, wopatsira uja nkumapita kwawo osamutchula nkomwe, ndiye nzosadabwitsa kuti ena mpira sapereka ngakhale mnzawo ali yekha pagolo. Enanso amati ukamasewera mwaulemu ndiwe wamantha. Boucher anasewera masewera ogundana kuposa athuwa, anapatsira zambiri kuposa zomwe anagoletsa, anatenga zikho ziwiri ngati wosewera ndi china ngati mphunzitsi, ndipo oyimbira analibe naye ntchito kwenikweni.

Ndiye tiuzeni m'makomenti: mu timu yathu ino, ndani amene amagawa bwino mipira koma sitimuyamikira? Mutchuleni dzina, sabata ino amveko kukoma.