James White: Wantchito Amene Anachedwa Kuphunzira Kupuma

Werengani Eksodo 18:13-26 ndi Marko 6:30-32.

Ambiri a ife timadandaula kuti dzuwa limalowa ntchito isanathe. Kumunda, kuntchito, pakhomo ndi kumpingo, konseko akutifuna. Moyo wa Mbale James White, mmodzi wa oyambitsa mpingo wathu, utithandiza kuona kuti kusamala nthawi kuli ndi mbali ziwiri.

Mbale White anabadwa pa 4 Ogasiti 1821 ku Palmyra, m'chigawo cha Maine ku America. Chifukwa cha vuto la maso, anayamba sukulu mwadongosolo ali ndi zaka 19, ndipo masabata onse amene anakhala m'kalasi anali 29 okha. Munthu wotere anadziwa msanga kuti ora lililonse ndi chuma.

M'chaka cha 1846 anakwatira Ellen Harmon. Mu 1849 anayamba kufalitsa nyuzi ya Present Truth, ndipo ankayenda pansi mtunda wa mamailosi 8 kuchokera ku Rocky Hill kupita kwa wosindikiza ku Middletown, ngakhale anali ndi phazi lovulala. Mu 1850 anayambitsa Review and Herald, ndipo mu 1852 Youth's Instructor, mmene munatuluka maphunziro oyamba a Sukulu ya Sabata. Ena mwa maphunzirowo anawalemba ali paulendo wa pangolo wochokera ku Rochester kunka ku Maine. Poima masana kuti kavalo adye, iwo ankakhala pambali pa msewu, nasandutsa bokosi la kamba kukhala tebulo lolembera. Buku limene tili nalo m'manjali linachokera ku timphindi timene wina akanatitaya. Iyi ndiyo mbali yoyamba: nthawi yodikira nayo ndi ya Mulungu.

Koma pali mbali yachiwiri, yowawa. Mbale White zinkawavuta kusiyira ena ntchito. Anali mlembi, mlaliki, woyang'anira nyumba yosindikizira mabuku ndiponso wofunafuna ndalama zoyendetsera zonsezi. Mu Juni 1863, ku Otsego, Mayi White analandira masomphenya a zaumoyo, ndipo mwa zina anaonetsedwa kuti iwo ndi amuna awo ayenera kuchepetsa ntchito ndi kusamala matupi awo. Komabe mu 1865 Mbale White anasenzanso utsogoleri wa General Conference. Atabwera ku ulendo wotopetsa wa ku Wisconsin ndi Iowa, m'mawa wa pa 16 Ogasiti 1865, akuyenda m'dimba ku Battle Creek, dzanja lawo lamanja linalefuka ndipo lilime linalemera. Anagwidwa ndi matenda opha ziwalo ali ndi zaka 44.

Munthu amene sankafuna kutaya ora limodzi anataya miyezi yoposa 15 osatha kugwira ntchito. Anakalandira chithandizo ku Dansville, ndipo pambuyo pake banjali linakakhala pa kamunda ku Greenville, kumene Mayi White ankawalimbikitsa kugwira ntchito zamanja panja kufikira mphamvu zinabwerera. Mulungu anawagwiritsanso ntchito: mu 1874 anayambitsa Signs of the Times ku Oakland, nathandiza kutsegula koleji ya Battle Creek. Koma chizolowezi chakale sichinathe, ndipo matenda aja anabweranso kangapo. Anamwalira pa 6 Ogasiti 1881 atadwala malungo, ali ndi zaka 60. Mayi White anakhalabe ndi moyo, akutumikira, kufikira 1915.

Sitikuwaweruza, pakuti tikudya zipatso za thukuta lawo. Koma tingalakwe ngati titengera changu chawo ndi kuiwala mtengo umene analipira. Yetero anaona Mose akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo, namlangiza kusankha amuna oopa Mulungu kuti agawane naye katunduyo. Ambuye Yesu anatengera ophunzira ake kumalo a okha pamene analibe mpata ngakhale wakudya. Mutu umodzi susenza denga. Kusamala nthawi sikuunjika ntchito zambiri m'tsiku limodzi ayi, koma kudziwa imene Mulungu watipatsa ife, imene tiyenera kupatsa mbale wathu, ndi nthawi yoika khasu pansi.

Zoti tilingalire: Ndi timphindi titi timene timataya tsiku ndi tsiku? Ndi udindo uti mumpingo kapena pakhomo umene taukakamira pamene wina angathe kuugwira? Kodi Sabata limatipeza tili okonzeka kupembedza, kapena tili olefuka?