Martin Rinkart, Mbusa Woyamika

Martin Rinkart anabadwa m'caka ca 1586 m'mudzi wa Eilenburg, ku dziko la Germany. Atate wace anali mmisiri wosauka wopanga migolo. Mnyamatayo anaphunzira kuyimba ndi Mau a Mulungu ku Leipzig, ndipo m'caka ca 1617 anabwerera kwao kudzakhala mbusa.

Caka cotsatira kunabuka nkhondo yaikuru imene inatha zaka 30. Popeza Eilenburg unali mudzi wa linga, othawa nkhondo anadzazana momwemo, ndipo cakudya cinacepa. Asilikari anagona m'nyumba ya mbusayo, namdyera zakudya zace.

M'masiku oipawo Rinkart analemba nyimbo ya ndime zitatu yochedwa Nun danket alle Gott, yoyamika Mulungu. Mwini waceyo anaicha kapemphero ka pa cakudya. Taganizani, ana inu: mbale inali yosadzala, adani anali pakhomo, koma bambo uyu anaona kuti mkate wocepawo uyenera kuyamikidwa.

M'caka ca 1637 kunagwa mliri woopsa. Abusa anzace ena anafa, wina anacoka, iye natsala yekha. Masiku ena anaika maliro 40 kapena 50, ndipo caka cimeneco anaika anthu oposa 4,000. Mkazi wacenso anamwalira. Pambuyo pace kunadza njala, ndipo anagawira osauka zimene anali nazo, kufikira ana ace omwe anasowa.

Mtendere unafika mu 1648, koma Rinkart anali atatopa, namwalira pa 8 December 1649. Kapemphero kace kaja kayimbidwabe lero m'zinenero zambiri.