Francisco Goya, Mmisiri Amene Anazokota Mdima pa Mkuwa

A Francisco de Goya anabadwa pa 30 Marichi 1746 m'mudzi wa Fuendetodos, pafupi ndi Zaragoza, m'dziko la Spain. Luso lawo linawafikitsa kunyumba yachifumu ku Madrid, kumene ankajambula mafumu ndi anthu achuma. Koma matenda amene anawagwira m'chaka cha 1792 anawasiya ogontha mpaka imfa yawo, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lawo linayamba kukonda zamumdima.

Ntchito imene timawakumbukira nayo pano ankaichita pa mbale za mkuwa. Ankamata mbaleyo ndi phula, n'kuzokota chithunzi ndi singano, kenaka n'kuiviika mu asidi kuti adye mmene singano yadutsa. Pofuna mdima, ankawazapo fumbi la utomoni kuti asidi aboole timaenje tosawerengeka tosunga inki. Posindikiza papepala, pankatuluka usiku weniweni.

Mu 1799 anatulutsa zithunzi 80 zotchedwa Los Caprichos. Pa chimodzi, munthu wagona pathebulo, akadzidzi ndi mileme zikumuunjirira kumsana. Pa china, nkhalamba ikuphunzitsa mtsikana kuuluka pa tsache. Ife a kuno kunyanja ku Salima, amene tinakula tikumva za lichero louluka ndi kadzidzi wolira padenga, sitifunika wotitanthauzira. Komatu tisafulumire kuganiza kuti a Goya ankafuna kutsimikizira za ufiti. Iwo ankadzudzula mantha, umbuli ndi anthu odyerera pa manthawo. N'chifukwa chake anajambulanso mayi woweruzidwa ndi bwalo la tchalitchi la Inquisition, atamukweza pa bulu, atamuveka chisoti chomuchititsa manyazi, khamu likumunyodola. Mukaziyang'anitsitsa, nkhope zoopsa pachithunzicho ndi za khamulo, osati ya mayiyo.

Zithunzizi sizinakhalitse pamsika. Anasiya kuzigulitsa, ndipo mu 1803 anapereka mbale zake kwa mfumu Carlos IV posinthana ndi ndalama zothandizira mwana wawo Javier.

Asilikali a Napoleon atalowa m'Spain mu 1808, mfiti zinachepa mphamvu poyerekeza ndi zimene anthu ankachitirana masana. Kuyambira 1810 a Goya anazokota zithunzi 82 za nkhondoyo: mitembo yopachikidwa m'mitengo, amayi olimbana ndi asilikali, ndi njala imene inapululutsa anthu ku Madrid mu 1811 ndi 1812. Sanakometsere mbali iliyonse. Sanazisindikizenso kuti zigulitsidwe. Zinaonekera poyera mu 1863, patapita zaka 35 iwo atamwalira.

Mu 1824 anasamukira ku Bordeaux, m'dziko la France, kuthawa ulamuliro wankhanza wa mfumu Fernando VII, ndipo anamwalira komweko pa 16 Epulo 1828 ali ndi zaka 82. Patapita zaka zambiri manda awo anafukulidwa kuti mafupa abwerere kwawo, koma chigaza sichinapezeke. Mafupa otsalawo ali m'tchalitchi cha San Antonio de la Florida ku Madrid, pansi pa denga limene iwo eni analijambula mu 1798.