Harry Mwaanga Nkumbula, Mphunzitsi wa ku Maala

Harry Mwaanga Nkumbula anabadwira ku Maala, m'dziko la Aila, m'caka ca 1916. Anatsiriza Standard VI mu 1934 pa sukulu yogonera ya Amethodisti ku Kafue, nayamba nchito ya uphunzitsi, kwao ndi ku Migodi komwe. Mu 1946 Sir Stewart Gore-Browne anamthandiza kupita ku Makerere, ndipo pambuyo pace ndalama za thandizo zinamfikitsa ku London. Atabwerako anatsogolera Congress kuyambira 1951, nakhala Nduna ya Maphunziro mu 1962. Anamwalira mu 1983.

Malipiro a mphunzitsi sakadamuolotsa nyanja. Cotero posankha ana oyenera kulipiriridwa cigono ndi cakudya pa sukulu, aphunzitsi ayambe ayang'ana amasiye ndi amphawi, a kumudzi ndi a ku Kalingalinga omwe, pakuti m'mera mpoyamba.