Wolfgang Pauli ndi Lamulo Lake

Wolfgang Pauli adabadwira ku Vienna mu 1900. Anzake ankamuopa chifukwa cha lilime lake lakuthwa, koma ankadziwa kuti munthuyu salakwa kawirikawiri. Mu 1925 adatulukira lamulo lakuti maelekitironi awiri ofanana m'zonse sangakhale malo amodzi mu atomu, ndipo lamuloli lidampatsa mphoto ya Nobel mu 1945. Mu 1930 adaloseranso za kanthu kosaoneka komwe kadatchedwa neutrino. Adamwalira ku Zurich mu 1958.

Lamulo lake lidayesedwa iye atagona kale m'manda. Mu 1964 Murray Gell-Mann ndi George Zweig adati proton ndi abale ake adapangidwa ndi tinthu totchedwa quark. Kusiyana kwa tinthuti kumatchedwa flavour, ndipo odziwika ndi 6, monga up, down ndi strange. Chaka chomwecho kudapezeka Omega-minus, yokhala ndi ma strange atatu ooneka ofanana m'zonse. Kodi Pauli adanama?

Oscar Greenberg, kenaka Yoichiro Nambu ndi Moo-Young Han, adaona kuti atatuwo ayenera kusiyana mwa njira ina, yomwe idatchedwa colour. Ma colour alipo 3: kufiira, kubiriwira ndi buluu, ngakhale diso silingawaone. M'Chichewa flavour ndi colour zonse tingazitche mtundu, koma nzosiyana. Colour ndiyo imagwiridwa ndi mphamvu yomanga ma quark pamodzi, ndipo imasinthasintha akamapatsirana ma gluon. Flavour imasinthidwa ndi mphamvu yofooka yokha, monga pamene down asanduka up, nkutulutsa elekitironi ndi antineutrino, kanthu komwe Pauli adalosera kaja.