Fanizani Akuda, wotola thonje amene anamwetulitsa miyala

Pa tsamba la mbiri mwezi uno ndakutengerani munthu amene ambiri a inu simunamumvepo, chonsecho ankayankhula chiyankhulo chomwe mukuwerengachi. Awa ndi a Fanizani Akuda, mmodzi mwa akatswiri oyambirira osema miyala m'dziko la Zimbabwe. Sanapite kusukulu ya zaluso. Anayamba kusema ali ndi zaka zoposa 30, atagwirapo ntchito zomwe ife kuchigwa kuno timazidziwa bwino: kutola thonje, kumanga nyumba za njerwa ndi kuluka madengu. Inu amene mumabisa kope la zojambula pansi pa mphasa kuopa kusekedwa, werengani mpaka kumapeto.

Ulendo wa ku Halale

A Fanizani anabadwa m'chaka cha 1932 ku Zambia, dziko lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Anali Mchewa. Kwa ife si alendo ayi, pakuti Achewa a kwa Gawa Undi ndi Amang'anja a kwa Lundu ndi mphukira za mtengo umodzi wa Amaravi. Dzina lawo lomwelo mukhoza kulimva popanda womasulira. Kufaniza mumakudziwa, chifaniziro mumachidziwanso.

Mu 1949, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 17, anawoloka Zambezi kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Mukawafunsa agogo anu za masiku amenewo akuuzani kuti njira imeneyi inali yopondedwa kwambiri. Msonkho unkafuna ndalama, kumudzi ndalama kunalibe, ndiye anyamata ankanyamuka. Ena ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale ndi m'mafamu a fodya kudzera ku Mthandizi, enanso pawokha wapansi. Ambiri sanabwerere, n'kukhala matchona. A Fanizani anali m'gulu la otsalira komweko. Anasintha ntchito kangapo, ndipo pofika mu 1966 anali atakwera n'kukhala woyang'anira ntchito pafamu.

Tangoganizani, munthu wa zaka 34, ntchito ali nayo, za luso sakuziganizira n'komwe. Akanakhala wina akanati moyo wafika pamene unkapita.

Fodya atagwa, mwala unadzuka

Pa 11 November 1965, Ian Smith ndi boma lake la azungu ochepa analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira popanda chilolezo cha Britain. Mayiko anayankha poletsa malonda ndi dzikolo, ndipo fodya, yemwe anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, anavuta msika. Mmodzi mwa alimi amene zinawakhudza anali Tom Blomefield, yemwe famu yake ya Tengenenge inali kufupi ndi Guruve, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare. Antchito a pafamupo ambiri anali obwera, ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola.

Famuyo ili pa mzere wa mapiri wotchedwa Great Dyke, womwe ndi wautali makilomita oposa 500 ndipo uli ndi miyala yamitundumitundu. Wosema wina dzina lake Crispen Chakanyuka anamuonetsa Blomefield kuti m'phiri la pafamupo muli mwala wa serpentine, wolimba koma wosemeka, womwe umawala ukapukutidwa. Mu 1966 ntchito yosema inayamba. Mmodzi mwa antchito oyamba kugwira tchizulo anali Lemon Moses, wochokera kuno ku Malawi.

A Fanizani atafika pa Tengenenge sanathamangire kusema. Ntchito yawo yoyamba inali yokumba miyala kuti ena aseme. Ankaphwanya thanthwe, kunyamula, kuunjika, kwinaku akuona anzawo akusandutsa miyala yomweyo kukhala mbalame, nkhope ndi nyama. Patapita nthawi analandira zida n'kuyesa nawo. Kuyambira pamenepo kusema kunakhala ntchito ya moyo wawo wonse.

Sukulu yopanda bolodi

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa pakufanana ndi zomwe timayesa kuchita ife. Pa Tengenenge panalibe kalasi, panalibe silabasi, panalibe mayeso. Munthu akabwera ankapatsidwa mwala ndi zida, n'kupeza malo ake pansi pa mitengo. Zomwe wamaliza ankaziimika pa zitsa, poyera, pamene aliyense wodutsa ankaziona. Mpaka lero mudziwo umaonetsa zosema zake chomwecho, panja.

Kusema mwala kuli ndi masitepe ake. Umayamba ndi nyundo ndi tchizulo chosongoka kugumula zigawo zazikulu. Kenako umasalaza ndi tupa, n'kukwecha ndi sandipepa wonyowetsa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Pomaliza umatenthetsa mwalawo pamoto, kuupaka phula kapena polishi, n'kuupukuta ndi nsalu mpaka utawala. Zonsezi wobwera kumene ankaziphunzira poyang'ana manja a amene wakhala naye pafupi. Ndipo dziwani kuti mwala si pepala, ulibe labala. Ukagumula mphuno yapita basi. Choncho diso la mnzako limathandiza ntchito isanathe, osati itatha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pamalo ngati amenewa wosafunsa ankawononga mwala womwe wina waukumba ndi thukuta.

Taonaninso anthu amene anali pamenepo. Henry Munyaradzi, yemwe anafika mu 1967, anali Mshona wa m'dera lomwelo. Bernard Matemera nayenso anali wa komweko. Josiah Manzi ndi Amali Malola anali Ayao a mizu ya ku Malawi. Ena anali Achewa okulira pafupi ndi dambwe, odziwa zinyawu ndi kasemedwe kake. Aliyense anabwera ndi nthano za kwawo, ndipo wina akaona chosema cha mnzake ankaona dziko lomwe sanafikeko. Kunja zosemazi zinatchuka ndi dzina loti ndi za Ashona, komatu manja ambiri amene anayambitsa Tengenenge anali a anthu obwera ngati a Fanizani.

Anthu awiri, maweruzidwe awiri

Pa nthawiyo ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kunali nyumba yaikulu yoonetserako zaluso yomwe inatsegulidwa mu 1957. Mkulu wake woyamba anali Frank McEwen, munthu amene anakhalapo ku Paris ndipo ankadziwana ndi akatswiri a ku Ulaya. Poyamba McEwen ankalandira ndi kuonetsa zosema za ku Tengenenge, koma pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 iye ndi Blomefield anasemphana.

Gwero la mkangano wawo ndi funso lomwe ife timakangana nalo pafupifupi Loweruka lililonse. McEwen anali wosankha kwambiri. Ankaopa kuti zosema zikachuluka zisanduka tizidole togulitsa kwa alendo pabwalo la ndege, ndiye ankatenga zochepa n'kukana zambiri. Blomefield ankatsegulira chitseko aliyense wofuna kuyesa, pokhulupirira kuti luso limatulukira munthu akapatsidwa mpata.

Ndani ankalondola? Ine ndikuona kuti aliyense anagwira mbali imodzi ya choonadi. Pakanapanda chitseko chotsegula, kapitawo wa pafamu amene sanagwirepo tchizulo sakanaloledwa n'komwe kuyandikira mwala. Koma pakanapandanso anthu a diso lakuthwa, okana kuyamikira chilichonse, zosema za ku Zimbabwe sizikanafika m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso kunja. Kalabu yongoombera m'manja chilichonse siphunzitsa munthu. Kalabu yongodzudzula imatsala ndi anthu atatu.

Nkhope zomwe simungazisokoneze

Pamene anthu ambiri akugwira ntchito pamodzi, kukopera kumabwera kokha. Wina akagulitsa kadzidzi, mawa mupeza akadzidzi khumi. Amene timawakumbuka lero ndi amene anaphunzira kwa anzawo koma osasanduka anzawowo. Henry Munyaradzi ankadziwika ndi nkhope zosavuta, za maso ozungulira ndi mizere yowongoka. Bernard Matemera ankasema zimatupi zikuluzikulu zooneka ngati munthu akusanduka nyama.

A Fanizani anapeza njira yawoyawo. Anthu awo ndi a mitu yobulungira, maso otsinzina ngati kamzere, milomo yomwetulira. Ankakonda kusema mabanja atakumbatirana, ndiponso anthu ali limodzi ndi nyama. Zotchuka kwambiri ndi mitu ya anthu oimba mluzu, yokhala ndi kabowo kamodzi pakati pa milomo, koti ukagogodapo ndi chala chachikulu kamatulutsa mawu. Pamene ena ankasema mizimu yoopsa, iwo anasankha kuseketsa. Munthu amene anachoka kwawo ali mnyamata n'kukulira m'minda ya eni, ndi amene anadzaza dziko ndi mabanja a miyala osangalala. Zimenezi mukaziganizire panokha.

Nkhondo ndi zaka zotsatira

M'zaka za m'ma 1970 nkhondo yomenyera ufulu inakula, ndipo madera a kumpoto ngati Guruve anakhala oopsa. Ogula anasiya kubwera, osema ambiri anabalalika. Mu 1975 a Fanizani anasamuka ndi banja lawo kupita ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare, n'kupitiriza kusemera pakhomo. Henry Munyaradzi anachokanso chaka chomwecho. Bernard Matemera ndi Josiah Manzi anali m'gulu la ochepa amene anatsala pa Tengenenge.

Zimbabwe italandira ufulu pa 18 April 1980, msika unatseguka ndipo zosema zinayambanso kuyenda. Mu 1988 chosema cha a Fanizani chotchedwa Snake Man chinayamikiridwa mwapadera pa chionetsero cha pachaka cha National Gallery of Zimbabwe. China cha chaka chomwecho, chomwe dzina lake likunena za wina amene wazindikira womubera mazira, chinalowa m'buku la chionetsero chomwe chinayenda m'mayiko a ku Ulaya n'kufika ku Yorkshire Sculpture Park ku England mu 1990. Ngakhale pa mayina a zosema nthabwala sizinkawachoka.

Anamwalira pa 5 February 2011 ali ndi zaka 78, ambiri a ife tisanadziwe n'kulemba dzina lathu lomwe. Anasema kwa zaka zoposa 40. Mudzi wa Tengenenge ulipobe, ndipo mu 2007 Blomefield anausiya m'manja mwa wosema wina wotchuka, Dominic Benhura.

Nanga ife kuno?

Mwina mukuti, aise, ku Chikwawa ndi ku Nsanje serpentine timutenga kuti? Zoona, koma a ku Tengenenge sanayitanitse mwala kuchokera kutali. Anagwiritsa ntchito chomwe chinali pansi pa mapazi awo. Ife tili ndi dongo, mlaza, makala, makatoni, mawaya ndi penti wotsala kwa olemba zikwangwani. Zojambula nazo sizisowa: ngolo za ng'ombe ku Ngabu, akabaza pa Nchalo, asodzi ndi mabwato awo ku Elephant Marsh, amayi akupeta mapira. Kuno kwathu nakonso malo ophunzirana luso alipo, monga Kungoni ku Mua m'boma la Dedza, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Chomwe ndikukupemphani n'chokhudza mmene timayankhulirana tikayala ntchito zathu. Mnzanu akakuonetsani chojambula, mawu oti zili bho samuthandiza, ngakhale amakoma. Mawu oti sizikuoneka nawonso samuthandiza. Lozani malo. Muuzeni kuti mthunzi wa pansi pa ngolo wagwira bwino, koma mwendo wakutsogolo wa ng'ombe wafupika poyerekeza ndi wakumbuyo. Yambani mwamufunsa chomwe amafuna kuonetsa, chifukwa mwina maso otsinzinawo wawatsinzinitsa dala. Wina akanawakakamiza a Fanizani kuti azitsegula maso a anthu awo kuti afanane ndi enieni, bwenzi lero tilibe chowadziwira. Konzani cholakwika, koma chachilendo muyambe mwachiyang'ana kawiri.

Inunso eni ntchito, musadikire kuti ithe. Bweretsani ikadali ya pensulo, pamene mungathe kusintha. Mukauzidwa zowawa musayankhe pomwepo, kaganizireni kunyumba, mutenge zokuthandizani, zina musiye. Ndipo inu amene mumangobwera kudzanyamula mabenchi ndi kusesa, mukumati kujambula ndi kwa ena, kumbukirani kuti munthu amene takamba lero anayamba ndi kukumbira anzake miyala.

Loweruka likubwerali tikumana nthawi yathu yomwe ija. Aliyense abwere ndi ntchito imodzi yosamaliza, kaya ndi ya papepala, ya dongo kapena ya waya. Tidzaziyala panja pansi pa mtengo, ndipo aliyense adzanena chinthu chimodzi chomwe chagwira ndi chimodzi choti chikonzedwe pa ntchito ya mnzake. Amene muli ndi foni yokhala ndi intaneti, sakani dzina la Fanizani Akuda musanabwere, mudzaonetseko anzanu nkhope zija. Tionana Loweruka.